Nsapato ya Kumanzere

Bambo anga munthu amamuyambira kumapazi. Mukawapatsa moni, maso awo amayamba atsikira pansi, kenako ndiye n'kukwera kudzaona kuti mwini mapaziwo ndani. Moyo wawo wonse akhala akusoka nsapato pakhonde la nyumba yathu, moyang'anana ndi msewu, ndipo anthu anawatcha a Chidendene chifukwa cha khalidwe lawo lotembenuza nsapato n'kuyamba kukuuza za moyo wako. Uyu amanyamula katundu phewa limodzi, uyu amadzuka mochedwa n'kumathamangira basi, uyu ali ndi kumene amazemberako kodutsa m'miyala. Ena ankaseka, ena ankangotenga nsapato zawo n'kukasoketsa kwina.

Tinabadwa awiri, ine wamkazi ndi mlongo wanga wamwamuna, wamkulu kwa ine. Iyeyo anabadwa ndi mwendo wakumanzere waufupi pang'ono, moti ali mwana ankayenda motsimphina, thupi likugwera mbali imodzi, anzake akumutsanzira kumbuyo. Bambo sanapite kukakalipira ana a eni. Anadula tayala lakutha, n'kusanjikiza soli pamwamba pa inzake, pakati n'kuikapo labala wofiira wofewa kuti phazi lisamapweteke, kenako n'kusoka ndi ulusi woyera mopingasa. Kuyambira pamenepo nsapato iliyonse yakumanzere ya achimwene inkadutsa kaye m'manja mwa bambo. Anakula akuyenda mowongoka, ndipo amene anawadziwira kuukulu sankadziwa n'komwe za mwendowo.

Popita kukafuna ntchito kumzinda wina kunja kwa dziko lino, anavala nsapato zazitali zachikopa zimene bambo anawakonzera. Poyamba ankaimba foni. Kenako mafoni anayamba kutalikirana, mpaka tsiku lina nambala ija anayankha munthu wina amene sankawadziwa. Tinafunsa kwa aliyense wobwera kuchokera kumeneko, osaphula kanthu. Mayi anamwalira akudikira. Bambo nkhaniyi sankaikamba, ankangomenya misomali mwamphamvu kuposa mmene nsapato inkafunira.

Chimene achimwene anatisiyira ndi dishi ili padengayi, imene anaimanga okha asananyamuke, ndi kadikoda kakale kolumikiza ku TV ya chimsana ija. Zithunzi zake zinali za mbuu, nkhope za anthu ngati ukuziona kudzera m'galasi la mafuta. Panali tchanelo ina ya dziko limene achimwene anapitako. Nkhani za masana zisanayambe, ankaonetsa kakanema kakafupi ka mzindawo, komweko tsiku lililonse: nyumba zazitali, mlatho, ndi khamu la anthu likuwoloka msewu pafupi ndi depoti ya mabasi.

Tsiku lina ndili kukhitchini ndinamva bambo akundiitana ndi mawu amene sindinawamvepo. Pamene ndinkafika, kakanemako kanali katatha. Mawa lake anandikhazika pampando nthawi isanakwane. Pakati pa khamulo panadutsa mwamuna wina, kuphethira kangapo basi, akuyenda motsimphina, thupi likugwera mbali imodzi.

"Soli ya mlongo wako yatha," anatero bambo. "Taona mmene akugwera. Ndinamuuza kuti atenge ina yapadera."

Ine ndinakwiya, sindibisa. Ndinawauza kuti chimenecho ndi chithunzithunzi chabe, otsimphina padziko pano ndi ambirimbiri, ndipo pa TV imeneyo ngakhale ine nditadutsa sangandizindikire. Anandiyankha kuti nkhope ndi ya anthu osadziwa ntchito. Kuyambira tsikulo, dzuwa likafika pamutu ankasiya chilichonse n'kulowa m'nyumba, kasitomala n'kutsala pabenchi phazi limodzi lili pamtunda. Anasoka nsapato zatsopano, yakumanzere yokhuthala, n'kuziika pashelefu. Nanenso, ndi kulongolola kwanga konseko, ndinayamba kuphula mapoto msanga kuti ndikaime pakhomo la pabalaza. M'nyumba mwathu munakhala ngati muli mlendo wodutsa masana aliwonse, wosapereka moni, wosacheuka.

Amene anadzawonjezera moto ndi kasitomala wina wodzadziwitsa bambo kuti kunabwera madikoda atsopano, oonetsa zithunzi zowala zimene amati HD, otha kujambula pulogalamu, kuibweza m'mbuyo ndi kuiimitsa pamene ukufuna. Bambo amene amakana kusintha ngakhale nyundo yothyoka mpini anayamba kundiumiriza m'mawa ndi madzulo. Ndinazengereza nthawi yaitali, ndikunamizira izi ndi izo. Chilungamo chake ndinkaopa. Munthu wa mbuu uja ankatisunga tonse awiri, ndipo sindinkafuna kumuyang'ana pafupi.

Potsiriza ndinagonja. Ndinagula dikodayo ndi TV yopyapyala, n'kuitana wa madishi wa m'dera lathu, bambo wina wolongolola woyenda ndi makwerero panjinga yamoto. Anafika m'mawa atavala nsapato zong'ambika kutsogolo, ndipo bambo anaziyang'ana ngati akuona chilonda. Anatifotokozera kuti dishi ikhala yomweyo, koma asintha kadiso ka kunsonga kwake n'kukoka chingwe chachiwiri, kuti dikoda izitha kujambula kwina ife tikuonera kwina. Anadzitama kuti tsopano tiziona thukuta la osewera mpira ndi ziphuphu za owerenga nkhani. Ali padenga, bambo anaima pansi n'kumamuchenjeza kuti asamasule mabawuti amene anamanga mwana wawo. Apa ndi pamene wa madishiyo anamva nkhani yonse, ndipo potsika anali atachepetsa nthabwala.

Anaboola khoma, kulowetsa chingwe, kulumikiza, kusakasaka matchanelo. Chithunzi chitatulukira ndinachita kubwerera m'mbuyo. Zinali ngati wina watsuka zenera limene takhala tikuliyesa khoma. Nthawi itayandikira, anadina batani lofiira la pa rimoti, tonse atatu n'kuyang'ana pa TV. Nyumba zazitali zinadutsa, mlatho unadutsa, khamu linawoloka. Kenako anabweza m'mbuyo pang'onopang'ono, bambo n'kukweza dzanja, iye n'kuimitsa.

Munthu uja anaima pakati pa balaza lathu, chilichonse chikuoneka. Anali wamfupi, wojintcha, wa ndevu za imvi, atanyamula jumbo yabuluu. Sanali mlongo wanga, ngakhale pang'ono. Mtima wanga unagwa, komanso penapake ndinapuma, poganiza kuti basi zatha, tilira n'kuyambanso kukhala ngati anthu. Wa madishi anati pepani bambo, n'kuyamba kukulunga chingwe chotsala.

Koma bambo nkhopeyo sanaiyang'ane n'komwe. Anatsika pampando, n'kugwada patsogolo pa TV, mphuno pafupi ndi galasi.

"Tapititsani patsogolo pang'ono. Adzutse phazi."

Wa madishi anadina. Phazi lakumanzere linadzuka, n'kuima m'malere. Soli inali yokhuthala, yosanjikiza, pakati pake mzere wofiira. Ulusi unali utada ndi fumbi, koma kupingasa kwake kunkaoneka bwinobwino. Nsapato yakumanja inali ndi soli wamba. Ndinakula ndikupukuta nsapato zoterozo, panalibe woti andiuze.

"Miyendo ya munthu uyu ndi yofanana," anatero bambo motsitsa. "Ikumutsimphinitsa ndi nsapatoyo."

Ndinayamba kulankhula zambirimbiri, mmene ndimachitira ndikachita mantha. Ndinati mwina achimwene anagula zina n'kumupatsa mnzawo zakalezo, mwina anagulitsa atapanikizika, mwina anaziyanika panja wina n'kudutsa nazo. Wa madishi ankavomereza chilichonse chimene ndinkanena, maso ali pansi. Bambo anandisiya mpaka mawu atandithera.

"Nsapato zosiyana chonchi munthu sagula, mwana wanga. Amachita kuzipeza."

Sanalire. Anadzuka, n'kuuza wa madishi kuti avule nsapato zake zong'ambika zija, ndipo anamusokera pakhonde, mwini wake atakhala pabenchi ngati mwana wolakwa. Asanapite, bambo anamupempha kuti awaphunzitse mabatani a pa rimoti: lotsegulira zojambulidwa, lobwezera m'mbuyo, ndi loimitsira. Ena onsewo mpaka lero sawadziwa, ndipo alibe nawo ntchito.

Tinalembera a tchanelo ija kufunsa kuti kakanemako anajambula liti. Sanayankhe. Patapita nthawi anakachotsa n'kuikapo kena ka mitambo ndi mbalame, koma kathu kanatsala m'dikoda. Nthawi zina ndimalakalaka mphenzi itaiotcha, kenako mvula ikayamba kugunda ndine woyamba kuthamanga kukazula mawaya kukhoma.

Bambo akusokabe, ngakhale maso ayamba kuchita chidima ndipo ulusi pasingano ndimawalowetsera ndine. Zotembenuza nsapato n'kumauza anthu za moyo wawo anasiya. Nsapato zatsopano zija zikadali pashelefu, amazipaka polishi zikachita fumbi. Anthu akamadutsa mumsewu amawayang'anabe kumapazi, koma tsopano amayang'ana nthawi yaitali, mpaka munthuyo atakhota pakona.

Dzuwa likafika pamutu amalowa m'nyumba, ngakhale kuti chojambulidwa sichisankha nthawi. Amatsegula, nyumba zazitali n'kudutsa, mlatho n'kudutsa, kenako amaimitsa pamene phazi lili m'malere. Dzulo ndinawabweretsera madzi akumwa ali chomwecho. Sanacheuke.

"Nanga mlongo wako akuyenda bwanji?" anandifunsa.

Ndinaika kapu patebulo, n'kukhala nawo pansi.