Ankati Nditseke Mpweya

Mkazi wa mnzanga ndiye adandiimbira foni. "Alamu, bwerani ku Mbizo. Chigwireni sitiroko anzanu salankhula, koma pali zomwe akuchita ndi dzanja. Akufumbata chibakera, kuchipotoza, kenako kuloza kudenga. Ife sitikumva."

Ine ndidamva pompo, koma sindidanene. Ndidangoti ndibwera mawa.

Munthuyu tidagwira naye ntchito mumgodi wa golide. Iye ankaboola mwala ndi jekihama, ine ntchito yanga inali kumugwirira chitsulo choboolera ndi kusamala paipi ya mpweya kuti isapindike. Pansi paja phokoso lake ngakhale ukuwe bwanji mnzako sangamve, choncho tinkalankhula ndi manja. Kupotoza chibakera n'kuloza kumwamba kunali kunena kuti tseka mpweya, ntchito yatha, tikwere. Tsopano fumbi linali litamudya mapapo, ndipo ankapumira makina a okosijeni, kapaipi kali m'mphuno. Ndiye ndimuuza chiyani mkazi wake? Funso limeneli ndidakwera nalo basi ku Zvishavane.

Tsikulo ndidayamba kukangana ndisanakhale n'komwe pampando. Hwindi, kondakitala wa basiyo, adanditsomphola chikwama m'manja ati achiponye pamwamba. Ndidamuuza kuti achikhudzenso aone. Munali malalanje okha, koma mtima unali utatentha kale.

Tidakwera mapiri a Boterekwa basi ikubuula, aliyense ali chete kuyang'ana kuphompho. M'munsimo nthaka yonse ndi maenje a makorokoza, anyamata ofukula golide paokha, oyera mbuu ndi fumbi, opanda n'kansalu komwe pamphuno. Ndidatembenuza nkhope.

Pa Shurugwi padakwera bambo wina wa tayi, wogulitsa mankhwala m'mabotolo. Adaima pakati pa basi n'kuyamba: shuga, BP, msana, mphamvu za kuchipinda. Anthu ankaseka. Kenako adakweza botolo lina. "Uyu unogeza mapapu! Wemumugodhi wese, vhiki rimwe chete!" Ati amatsuka mapapo a munthu wa mumgodi sabata imodzi.

Ndidangozindikira ndaimirira. "Iwe, unawaonapo mapapo a munthu wa mumgodi? Ndi mwala! Umatsuka mwala ndi madzi a masamba? Galu wabodza iwe!" Ndidayamba m'Chishona, koma kutukwana kwenikweni kudatuluka m'Chichewa. Hwindi adati ndikapitiriza anditsitsa pathengo pomwepo.

Amene adandikoka jekete ndi mayi wachikulire amene ndidakhala naye mpando umodzi. Chichokereni tinali tisanalankhulane.

"Khalani pansi, achimwene. Kutukwana kotereku ndidakumva komaliza malemu amuna anga ali moyo. Mwandikumbutsa kutali."

Ndidaseka mosafuna. Adati makolo ake adachokera ku Dedza, iye adabadwira papulazi kufupi ndi Gweru. Adandifunsa komwe ndikupita, ndipo sindikudziwa chifukwa chake, ndidamuuza zonse, mpaka za dzanja lija. Ndidayembekeza kuti andilangiza. Sadatero. Adatsegula kansalu, n'kundigawira mbatata yophika, yozizira. Pa Gweru adatsika, n'kungoti, "Mukawaone odwalawo." Mpando wake udakhala wopanda munthu mpaka ku Kwekwe, ine ndikuyeseza mabodza. Ndinene kuti akufuna madzi a pampopi? Kuti akuloza kwa Mulungu? Bodza lililonse linkandinyansa ndisanalimalize.

Kombi, minibasi yochoka ku Kwekwe kupita ku Mbizo, idanditsitsa dzuwa litapendeka. Mlamu adandilandira pakhomo, atawonda iyenso. M'chipindamo makina ankalira ngati firiji yakale. Mnzanga uja, amene ankanyamula jekihama paphewa limodzi, anali atatsala mafupa m'bulangete. Mbali imodzi ya nkhope inali itagwa. Koma maso adandidziwa.

"Iwe mdala, wagona nthawi ya ntchito?" ndidatero.

Sadamwetulire. Adakweza dzanja lamoyo lija, kufumbata, kupotoza, kuloza kudenga. Adandiyang'ana monga ankachitira pansi paja ndikachedwa kutseka.

Tinali ndi yankho lake la chizindikiro chimenecho. Bowo likakhala lisanafike, ndinkamuonetsa ndi zala kutalika kwa chitsulo chotsala. Ndidatambasula chala chachikulu ndi chamkombaphala pamaso pake: kwatsala chonchi. Adapukusa mutu, n'kumenya bulangete ndi chibakera. Misozi idatsikira m'khutu mwake.

Mlamu adandiitanira kukhitchini. "Akuti chiyani?"

Mabodza onse a m'basi aja adathawa. "Akuti titseke mpweya, alamu. Akuti atopa."

Ndidadikira kuti akuwe, kapena andithamangitse. Adangokhala pa ndowa yovundikira, manja ali pamaondo.

"Ndimadziwa," adatero. "Munthu ndakhala naye zaka zonsezi, ndingalephere kumva? Ndimafuna pakhale wina wodziwa nane. Ndekha zimandilemera."

"Ine sinditseka."

"Inenso sinditseka."

Tidabwerera kuchipinda. Mnzanga adayang'ana ine, n'kuyang'ana mkazi wake, ndipo adaona kuti tamva tonse ndiponso kuti takana tonse. Adatembenukira kukhoma. Ndidamusendera lalanje, sadalandire.

Kapaipi kake kanali katapindika pansi pa mwendo wa bedi. Ndidagwada, kukawongola, n'kukhala pansi pomwepo nditakagwira m'manja. Basi yobwerera idapita popanda ine.