Mwendo wa Jose

Zaka zisanu ndi ziwiri ndawadziwa a Mateus, kuyambira pamene anatulukira kuno ku Namwera akuthawa nkhondo ya ku Mozambiki. Anali ndi akazi awo a Lusia, ana awiri, galu, ndi mwendo wa mphoyo paphewa. Zakuno ndinaziona ndi maso. Zakwawo anandiuza okha, ndipo si munthu wothira nkhani mchere.

Kwawoko ankasaka pachibale, padambo lalikulu lopanda mtengo. Udzu ukapsa, msipu n'kuphuka, mphoyo zinkatsika kudzadya. Amalume awo ankatchinga njira, agalu n'kudzutsa nyama, a Mateus n'kulasa. Wosomola, ndiye kuti wobaya kachiwiri, anali mng'ono wawo Jose. Mwambo wa uzimba ndi umodzi, uko ndi kuno: nyama ndi ya wolasa, koma mwendo wamwamba wakumanja ndi wa wosomola.

Tsiku lina ali mkati mosenda mphoyo, mfuti zinalira kumudzi. Jose anati, "Achimwene, tengani banja muwoloke, ine ndikatenge amayi. Mwendo wangawo mukandisungire ku Malawi. Musakadye ndi alamuwo!" Anaseka, n'kuthamanga. Sanaonekenso.

Mwendo uja a Mateus anauwamba, n'kuupachika kudenga mpaka unafumbwa.

Chaka chotsatira a Sumani, mlenje wakuno, anawamvera chisoni, nawaitana ku uzimba wa banja lawo. Padambo a Mateus anaoneka ngati munthu wina. Analasa mphoyo ili pa liwiro, a Sumani n'kusomola. Pogawana, a Mateus anadula mwendo wakumanja n'kuuika pambali.

"Amwene, bweretsani mwendo wanga," anatero a Sumani.

"Tengani wakumanzere, ndi ntchafu yomwe. Uwu uli ndi mwini wake."

"Wakumanzere? Mundipatse dzanja la kuchimbudzi ine? Mwini wakeyo wasomola ali kuti, kumanda?"

A Mateus ananyamula mwendowo, nyama yonse n'kuisiya pomwepo.

Apa ndinene zoona: analakwa. Wosomola tsiku limenelo anali a Sumani, ndipo a Mateus ndinawauza pamaso. Anangoti, "Ndamva." Chiyambire pamenepo palibe anawaitananso.

Anayamba kusaka okha ndi galu wawo. Padambo loyera munthu mmodzi satchinga nyama. Mphoyo zinkawaonera patali, ndipo yolasidwa inkathawa ndi mkondo, popeza panalibe wosomola. Tinkawaona kuchokera kumunda, kadontho pakati pa lupsa, akuyankhula ndi galu. Akapha kagwape, mwendo wakumanja unkapita kudenga. A Lusia ankati, "Ana akudya nandolo wolandira, nyama mukudyetsa makoswe."

Chaka chino nkhondo itatha, malole anabwera kudzatenga anthu obwerera ku Mozambiki. A Lusia anamanga katundu.

"Bambo, tiyeni. Mukamufunse komweko mlamu wangayo."

"Anati ndimusungire ku Malawi. Afike kuno apeze chitseko chotseka?"

"Nanga ngati anafa?"

"Wamuona ndani?"

A Lusia anakwera ndi ana. A Mateus anaima pamsewu mpaka fumbi linatha.

Ngati Jose ali moyo, ine sindidziwa, ndipo sindingawanamize. Misasa yoyandikana nawo yagwa, galu uja wakalamba. Dzana ndinawapeza akutsitsa mwendo wofumbwa kudenga. Anaupatsa galu, n'kupachika watsopano, n'kusiya chitseko chotsekula.