Pampu ya Kagalimoto ka Malemu Bambo

Ndili pabwalo kwathu, dzuwa lili paliwombo, ndaweramira mu injini ya kagalimoto kofiira ka malemu bambo, kaja ka mipando iwiri kopanda denga. Pampu yamadzi yakale ndaichotsa. Yatsopano ili m'manja mwanga, yofunda, ikugunda ngati mtima wa mbuzi. Mchemwali wanga waima pambali atavala zaukwati, ndipo galimoto yopita naye kutchalitchi ndi yomweyi.

"Achimwene, belu lalira kachiwiri."

Mabawuti anayi amene ndinaika m'mbale nkhuku zikuwajompha ngati chimanga. Ndalanditsa atatu. Gasiketi, kachikopa kotchinga madzi kuti asadonthe, palibe. Ndikusaka katoni yoti ndidulepo ina monga timachitira, koma pepala lolimba lilipo ndi chithunzi cha bambo chokha. Ndikuchiboola pakati ndi lezala.

Ndikudzutsa mutu, bambo ali pachiwongolero, avala jekete, pachifuwa pali bowo lozungulira. Madzi adzimbiri akuchucha mpaka m'nsapato zawo.

"Manga msanga, mwanawe," akutero osandiyang'ana. "Ndikuphwa."

Sipanala ikuterereka. Bawuti yachinayi yamezedwa, ndipo nkhuku yoimezayo yakwera padenga la nyumba.

Ndadzidzimuka kutulo nditafumbata chibakera. Chithunzi cha bambo cha pakhoma sindinachiyang'anebe.