Chimene Chinkachedwetsa Mzere Wathu

Mkazi wanga atamwalira mu Febuluwale ndinasiya kupita ku bwalo la mpira. Sindinauze aliyense. Ndinangoleka kukwera sitima ya Lamlungu masana, ndipo anthu anamvetsa.

Mpira wa ku America ndinauyamba mwangozi. Nditabwera ku Glasgow kudzachita digiri yachiwiri, anyamata a timu ya pa yunivesite anaona thupi langa pa msewu ku Hillhead n'kundiveka chipewa cholimba. Anandiika pa mzere wa kutsogolo wa otchinga. Pamenepo mumakhala anthu anayi, mutawerama, dzanja limodzi pansi, moyang'anizana ndi anthu asanu a timu inayo. Kumbuyo kwa asanuwo kumaima woponya mpira. Mpira ukangonyamuka pansi kupita m'manja mwake, inu muboole pakati pa asanu aja n'kumufikira asanaponye. Mukachedwa pang'ono, iye amasankha mosatekeseka woti amuponyere. Nditamaliza sukulu ndinatsalira n'kumathandiza kochi kuphunzitsa mzerewo.

Mkazi wanga anali nesi. Masewerawa ankawanena kuti ndi ndewu yokhala ndi misonkhano yambiri. Koma timu inalibe wojambula, choncho Lamlungu limene sanali pa shifiti tinkachoka kutchalitchi molunjika ku bwalo. Iye ankaima pa kachitunda, atavala jekete langa pamwamba pa diresi, n'kujambula masewero onse pa foni. Kunyumba ankandiikira mavidiyowo mu laputopu.

Mu Novembala kochi anandiimbira foni. Ndi bambo wa konkuno, amagwira ntchito yozimitsa moto, ndipo sazungulira.

"Bigimani, sindikufunsa kuti uli bwanji. Ndikufunsa za mzere wako. Masewero awiri, palibe amene wakhudzako ngakhale malaya a woponya. Munthu amaima kumbuyo kuja ngati akudikira basi. Anyamata ndi omwe aja a chaka chatha, ndipo mavidiyo awo uli nawo ndiwe. Ukapanda kupeza vuto pofika Lamlungu, ndiwakhazika pabenchi onse anayi."

Awiri mwa anayiwo anali m'chaka chomaliza. Onse anabwera ku mwambo wa maliro, atavala masuti owathina m'mapewa. Ndinavomera.

Loweruka masana ndinakhala pa tebulo m'nyumba yathu ku Shawlands. Ndisanatsegule vidiyo yoyamba ndinaonetsetsa kuti voliyumu ili pansi penipeni. Sichinali chachilendo. Ndi mmene ndinkaonera kuyambira kale, monga amachitira makochi ambiri, chifukwa mumangomveka mphepo ndipo chimene timafuna ndi mapazi ndi manja. Koma tsikulo chifukwa chinali china. Foni yojambulayo inkakhala pafupi ndi pakamwa pake, ndipo chimwalirireni ndinali ndisanamvenso mawu ake.

Ndinaona zimene ndinkazidziwa kale. Wa kudzanja lamanja ankadzuka msanga n'kupereka chifuwa kwa womutchinga. Wina wa pakati ankaiwala kuti ali ndi manja. Zimenezi ndi zolakwa za munthu mmodzimmodzi, sizingagwetse mzere wonse. Chimene chinandizunguza n'chakuti nthawi zina onse anayi ankalumpha mpira usananyamuke, woyimbira n'kuwalanga. Zikatero, ulendo wotsatira onse anayi ankachedwa, limodzi, ngati amangidwa chingwe chimodzi. Sikunali kutopa, chifukwa zinkachitika masewero atangoyamba.

Ndinabweza, n'kubwezanso. Mwa apo ndi apo chithunzi chinkagwedezeka, ndipo ndinkadziwa kuti apa akuseka, apa akunjenjemera ndi kuzizira. Pamenepo ndinkathamangitsa.

Pofika folo koloko kunja kunali kutayamba kuda. A m'nyumba ya pamwamba ankakoka mipando. Pa pepala panga panalibe yankho. Chinalipo chimene chinkawadzutsa anyamatawo nthawi imodzi, koma sichinkaoneka. Ngati sichikuoneka, ndiye kuti chinkamveka. Zimenezi ndinazizindikira msanga, koma ndinapita kaye kukatsuka kapu imene inali yoyera kale.

Nditabwerera ndinakweza voliyumu pang'ono.

Inayamba ndi mphepo. Kenako kunamveka woponya wa timu inayo akufuula zizindikiro zake. Ulendo wina mpira unkanyamuka akafuula kamodzi, ulendo wina kawiri kapena katatu. Mapewa a anyamata athu ankadzidzimuka pa kufuula kulikonse. Palibe amene ankayang'ana mpira. Ankamvera mawu, ndipo akalangidwa chifukwa cholumpha msanga ankayamba kudikira kuti atsimikize.

"Eee, koma anyamata awa," anatero mkazi wanga.

Anali pafupi kwambiri, kuposa woponya, kuposa mphepo. Anali ndi chimfine.

"Akumvera munthu amene wabwera kudzawanamiza. Mpira uli pamphuno pawo pomwepo! Iwe wa nambala yaikuluwe, tayang'ana pansi!" Anaseka, chithunzi n'kugwedezeka. "Kaya ndikuuza ndani. Akochi anga akunyumba amaonera mavidiyowa ngati mafilimu akale opanda mawu. Akochi! Manja anga afa kuno. Tiyi uja ndi wa liti?"

Ndinaimitsa vidiyo. Pa chithunzi, kumunsi kumanzere, panali ine, nditapinda manja, nditamufulatira.

Ndinakumbukira kuti anandiuzapo zimenezi tsiku lina mu sitima pobwerera. Ndinamuyankha kuti masewerawa ndi ovuta kuposa pamenepo. Iye anangoti, "Chabwino, akochi," n'kutsamira phewa langa mpaka tinatsika.

Vidiyoyo ndinaimaliza yonse, mawu ali pamwamba. Anayankhula za nsapato zake zonyowa, za wodwala wina wokonda kuimba, za galu amene analowa m'bwalo. Nditamaliza ndinatumiza uthenga kwa kochi kuti anyamata afike msanga.

Lamlungu ndinatenga mpira ndi kuumangirira ku ndodo ya mopu. Ndinawafoletsa anayi aja pa udzu wonyowa, mpira uli pansi patsogolo pawo.

"Ndifuula chilichonse chimene ndingafune," ndinawauza. "Ndingatukwane ngakhale agogo anu. Wosuntha mpira usanasunthe azungulira bwalo."

Ndinafuula m'Chingerezi, awiri analumpha. Ndinafuula m'Chichewa, mmodzi analumphabe, anzake n'kumuseka kuti wamva chiyani. Patapita kanthawi maso onse anali pansi, ndipo ndikakoka ndodo ankanyamuka ngati munthu mmodzi.

Kochi anaima pambali panga. "Chaka chonse osachiona. Wachipeza bwanji?"

"Anachipeza ndi wojambula wathu."

Anayang'ana ku kachitunda. Panali pataikidwa kamera ya miyendo itatu, yopanda munthu. Anakanda chibwano, kenako anati anayiwo ayamba masewero.

Tinaluza, koma woponya wawo tinamugwetsa kawiri, ndipo pabenchi sipanatchulidwenso. Pobalalika kochi anandifunsa ngati ndingatumize mavidiyo a chaka chatha kwa anyamata kuti adzionere okha. Ndinati ndiwatumiza, koma ndichotsa mawu. Sanafunse chifukwa.

Mu laputopu munali mavidiyo asanu ndi atatu. Ndamvera atatu. Ndimatsegula imodzi pakapita nthawi, masana, nditaphika tiyi, ndipo sindithamangitsa paliponse.