Foni Imene Ndinaimba ku Liverpool

Chaka changa chachiwiri ku Wakefield, kudziko la Angerezi, ndinkagwira ntchito m'nyumba yosamalira okalamba. M'chipinda chakumapeto munali bambo ena amene kale anali mneneri wa timu ya ragibi.

Masana aliwonse akamaliza kudya ankafuna sewero limodzi lokha. Linali lanthabwala, lakalekale, linayambira pa wailesi kenako n'kupita pa kanema. Linkanena za anthu a mu ofesi ina amene ntchito yawo inali kuphimba manyazi a akatswiri a masewera. Wosewera mpira akaledzera n'kugwetsera galimoto mu ngalande, iwo ankathamangira kwa atolankhani kukanena kuti mnyamatayo anangotopa. Mwana wamkazi wa bambo aja, wa ku Liverpool, anawaikira zigawo zonse pa tabuleti, ndipo ine ndi amene ndinkawagwirira chifukwa manja awo ankanjenjemera.

Iwo ankaseka mpaka kutsamwa. Ine nthabwala za Angerezi sindinkazitola, ndinkangoona anthu otchena akunama mosaphethira.

"Abodza awa," ndinawauza tsiku lina.

"Si bodza, mwanawe," anatero akupukuta misozi. "Nkhani yoipa suipereka yonse kamodzi. Ine ndinalelera ana ntchito imeneyi."

Ndinangotsonya chamumtima.

Anamwalira Lachinayi masana, mvula ikuwaza, sewerolo lili mkati. Ndinazindikira chifukwa anthu a m'tabuleti anaseka, iwo osaseka. Namwino anabwera, anatsimikiza, koma nthawi yomweyo anamuitana kuchipinda china kumene mayi wina anagwa. Anati ndimuimbire ine mwana uja poti tinkadziwana. Mwanayo anali atandipempha kambirimbiri kuti zikadzavuta ndidzamuuze msanga, ankafuna kudzakhala pambali pa bambo ake pomaliza.

Kwathu munthu wakutali sumuuza maliro pa foni. Umati matenda akula, bwerani, kuopa kuti angakomoke panjira. Mayi anga atamwalira achimwene anandiuza choncho, ndipo ndinayamba kulira ndisanadule foni, chifukwa aliyense wa kwathu amadziwa tanthauzo lake. Tsikulo mawu omwewo anangotuluka okha, m'Chingerezi: bambo sali bwino, bwerani, muyendetse mosamala.

Mnzanga wa ku Zambia anali pakhomo akupinda zofunda.

"Iwe, wamuuza chani?" anatero. "Aba bantu sibamvela so. Azaganiza ati bakali moyo. Mutumilenso foni."

Ndinatulutsa foni, ndinaiyang'ana, n'kuibwezera m'thumba. Ndinadziuza kuti ali kale pamsewu waukulu, ndingamuchititse ngozi. Koma kunena zoona anali mantha basi. Tabuleti inali ikulankhulabe pabedi, munthu wa tayi akunyengerera atolankhani. Ndinaizimitsa mokwiya, chifukwa zinali ngati nanenso andilemba ntchito mu ofesi yawoyo.

Mwana uja anafika patatha maola awiri, tsitsi litanyowa, atanyamula nsomba ndi tchipisi zokulunga m'pepala, chakudya chimene bambo ake ankachikonda. Zinali zikutenthabe, anachita kupatuka panjira kukagula. Anandimwetulira pakhonde n'kundithokoza kuti ndamuimbira msanga. Ndinamutsatira m'mbuyo mpaka analowa m'chipinda n'kuona makatani otseka ndi manja a bambo ake atawapinda pachifuwa.

Sanakuwe. Bola akanakuwa, akananditukwana. Anakhala pampando nthawi yaitali, phukusi lija lili pamiyendo, mafuta akudontha pa siketi. Kenako anandifunsa kuti atisiya nthawi yanji.

"Itangokwana thuu koloko," ndinayankha.

Anatulutsa foni yake n'kuyang'ana nthawi imene ndinamuimbira. Anaiyang'ana kawiri.

"Njira yonse ndimalankhula nawo m'galimoto," anatero. "Ndimawauza kuti andidikire."

Ndinafuna kumufotokozera mmene timachitira kwathu, kuti chinali chisoni osati nkhanza. Koma iye anandipempha, mwaulemu ndithu, kuti ndituluke ndipo ndimuitanire munthu wina.