A Lazar Khokhar, Mlembi wa Madandaulo

Ife a parishi ya kuno ku Sialkot tikukumbukira a Lazar Khokhar, amene tinawaika m'manda mwezi wathawu.

Makolo awo anali oumba njerwa. Sisitere wina ataona kuti mwanayu ali ndi mutu, anamulowetsa sukulu. Atakula, a Lazar anapeza tebulo ndi taipilaita yakale, n'kukhala pansi pa mtengo panja pa khoti zaka makumi anayi, kulembera anthu osaphunzira madandaulo awo. Wamasiye sankamubweza, ndipo Misa ya m'mawa sinkawaphonya.

M'kope lawo, patsamba loyamba, analemba liwu la Chingerezi limene maloya amalikonda, argument, pansi pake n'kundandalika mawu a Chiurdu ofanana nalo: daleel, hujjat, bahs. "Dandaulo lopanda daleel, ndiye kuti mfundo yomveka, ndi ngolo yopanda ng'ombe," ankatero. "Woweruza samva misozi."

Mawu amenewa anadzawatembenukira. Mwana wawo mmodzi yekhayo, Asher, atabwera kuchokera ku koleji ku Lahore, anakana kupita ku Misa ya Pasaka.

"Bambo, munandiphunzitsa ndinu. Ndipatseni daleel imodzi yokha yoti Mulungu alipo, ndivula nsapato pakhomo monga amachitira onse, ndilowe m'tchalitchimo."

"Amayi ako akudikira panja, mwanawe. Tiye."

"Imeneyo si daleel, Bambo. Kukhoti angakusekeni."

A Lazar anayesa zonse. Anabwereka mabuku, anaitana wansembe kudzamwa tiyi, koma Asher ankagwetsa mfundo iliyonse mwaulemu, n'kuwathirira tiyi wina. Tisaname, sanali mwana woipa: mankhwala ankatumiza, maso anakawapimitsa. Ndicho chinkapweteka kwambiri, chifukwa panalibe pomudzudzulira. Munthu amene anapambanitsa milandu ya anthu mazanamazana anagonja m'nyumba mwake momwe.

Akazi awo, a Marthan, anamwalira akudikirabe. A Lazar anasiya kutsutsana, koma Lamulungu lililonse ankasiya malo pamphasa pambali pawo m'tchalitchi.

"A Lazar, sunthani, malowa mwasungira mngelo kapena?" anzawo ankawaseka.

"Mwini wake ali m'njira," ankayankha. Zaka makumi awiri ndi zitatu zinatha choncho.

Anamwalira Lachiwiri m'mawa atalandira Ukaristia, kolona ili m'manja, mwakachetechete ngati munthu wotopa. Asher anabwera, ananyamula nawo bokosi, koma pakhomo pa tchalitchi anaima, nsapato zili kuphazi. Ambiri tinalira poona zimenezi.

Pokonza m'nyumba, Asher anapeza chitini chodzaza mapepala, n'kundiitana ine katekisiti. Anali madandaulo otayipidwa bwino monga a kukhoti, limodzi pa sabata. Wolandira: Mulungu Wamphamvuzonse. Wodandaula: Lazar Khokhar. Pempho: kuti Asher abwerere.

Sindingakuuzeni kuti wabwerera, abale, chifukwa sanabwerere, ndipo sindikudziwa ngati adzabwerera. Ndinangomuona akutembenuza mapepalawo limodzilimodzi, kufunafuna pamzere wa daleel, mpaka anakhala pansi. Pa lililonse bambo ake analemba mawu omwewo: "Ndilibe, Ambuye. Ndi mwana wanga basi."