Hatchi ya Mayi Lois Yokana Kugona Pansi

Ku Chinsapo, mukapitirira chigayo chomaliza n'kutsetserekera kumtsinje, fungo la ndowe lidzakufikitsani lokha pa Mayi Lois. Mayiwa anachoka ku Thyolo kudzachapa zovala m'nyumba za mabwana, koma anathera pa abulu. Eni ngolo akamutheratu bulu, msana uli zilonda zokhazokha, amadzamutaya pachipata pawo. Mayiwo amayamba kaye akalipa mpaka kukhosi kuuma, kenako n'kutenga madzi a mchere kukatsuka zilondazo. Loweruka lililonse ana oleredwa m'makomo a eni amabwera kudzapesa abuluwo, kuwola ndowe ndi kuthirira mpiru. A boma oona za ana amati ntchitoyi imawakhazika mtima pansi. Mmene ndowe ingakhazikire mtima wa munthu, Mayi Lois sankamvetsa, koma ankangovomera.

Zowazunguza mutu zenizeni zinafika mwezi umodzi. Kunabwera hatchi yowerengeka nthiti, imene bambo wina ankajambulitsira akwati mpaka itatheratu. Kenako kunabwera Atupele, mtsikana wa zaka khumi ndi chimodzi, woti azikhala nawo. Anali atathawa kale m'makomo atatu, ndipo a boma sanabise mawu: akathawanso pano, basi, apita kunyumba ya ana amasiye.

Hatchiyo kudya inkadya, kumwa inkamwa, koma kugona pansi ayi. Abulu ankagubuduka pafumbi tsiku lililonse, iyo chiimire masabata asanu. Mayi Lois anaiyalira udzu, inaudya. Anaikankha kumatako, inangowayang'ana. Tsiku lina anagona chammbali pakholapo kuti aionetse magonedwe, aneba akusuzumira pampanda n'kumafa ndi phwete. Anafika poitana amayi a mvano kuti aipempherere miyendo.

Atupele naye anali ndi zake. Zovala zake zinali m'jumbo yomanga mfundo, ndipo ankayenda nayo paliponse, ngakhale kuchimbudzi. Ankadya ataima pafupi ndi chitseko. Mayi Lois anamugulira dengu loikamo zovala, koma mfundo ija osamasula. Malo amene ankachedwapo anali pa hatchi pokha, kuipesa ndi dzanja limodzi, jumbo ili kukhwapa. Mayi Lois ankachita mantha. Akamva chipata kulira, mtima unkangoti myu, poganiza kuti mwana wapita.

Loweruka lina masana Mayi Lois anaipeza hatchi ili gone, miyendo tambalale, mutu pafumbi. Anagwira m'mutu. Hatchi ikafa, mwanayu atsalira chiyani pano? Anaimbira foni a Anock, alangizi a ziweto, akulira. Mmene njinga yamoto ya a Anock inkafika, aneba anali atadzaza kale, wina atanyamuliratu khasu lokumbira dzenje.

A Anock anagwada, n'kuika dzanja pamimba pa hatchiyo.

"Amayi, iyitu ili m'tulo."

"Tulo ta chiyani? Masabata onsewa inakana kugona."

"Inkagona, koma chiimire. Hatchi imatero kuti ikamva choopsa ithawe msanga. Imagona pansi ikatsimikiza kuti pano palibe woimenya."

"Ndiye yadwala kapena yachira?" anafunsa Mayi Lois, mutu utaima. "Nanga mapemphero aja tinkapempherera chiyani?"

Anthu anaseka, wa khasu uja n'kubwerera chamanyazi. Mayi Lois sanaseke nawo. Atupele anali ataima pambali pa a Anock pamene ankalankhula, koma tsopano panalibe. Mayiwo anayang'ana m'dimba, mulibe. M'nyumba, zii. Chipata chinali chotsegula, aneba akutuluka. Anayamba kale kuganiza chokawauza a boma.

Kuseri kwa nyumba anamva madzi akukhavuka. Pachingwe panali madiresi awiri ndi juzi yong'ambika pachigongono, zikudontha. Atupele anali atanyonyomala pabeseni, akuchapa siketi yake yomaliza. Jumbo ija inali itauluka ndi mphepo n'kukakodwa pampanda, mulibe kanthu.

Mwanayo sanadzutse nkhope. Anangofunsa motsitsa mawu: "Amayi, zikauma ndikaika pati?"

 Mayi Lois analowa m'nyumba misozi ili mbwembwembwe, n'kukatenga dengu lija.